Galu wa mlendo akatsala ku Doha, ngongole ndi ya yani?

Pa anthu 10 alionse okhala m'dziko la Qatar, pafupifupi 9 ndi obwera, ndipo kwa ambiri a iwo chilolezo chokhalira m'dzikomo chimayendera limodzi ndi ntchito: ntchito ikatha, munthu amamanga katundu. Koma galu wa mtundu wa Rottweiler amakhala ndi moyo zaka 8 mpaka 10, ndipo wamphongo akakula amalemera makilogalamu 50 kapena kuposerapo. Zinthu ziwirizi zikakumana m'nyumba imodzi ya mu Doha, likulu la dzikoli, mapeto ake amakaonekera m'makola a mabungwe a anthu odzipereka monga Qatar Animal Welfare Society ndi PAWS Rescue Qatar, kumene agalu osiyidwa amadikirira mbuye watsopano. Mabungwewa amayendera zopereka za anthu akufuna kwabwino ndiponso manja a anthu amene amabwera kudzathandiza akaweruka kuntchito zawo. Funso lofunika kulisinkhasinkha apa ndi lakale kuposa mzinda wa Doha: kodi munthu ali ndi ngongole yanji kwa nyama imene iye mwini anaichititsa kuti izimudalira? Ine ndikuti ngongoleyo ndi yeniyeni, siitha chifukwa chakuti viza yatha, ndipo amene amatenga, kulera kapena kulipirira agalu otayidwa akubweza chinthu chimene chinayenera kubwezedwa, sakungosangalatsa mitima yawo.

Tiyambe ndi galuyo. Rottweiler sanatuluke m'tchire monga fisi kapena nkhandwe. Kwawo ndi ku tauni ya Rottweil, kummwera kwa Germany, kumene ogulitsa nyama ankamugwiritsa ntchito pokusa ng'ombe kupita nazo kumsika ndi kukoka tingolo ta nyama. Kwa mibadwo yambiri anthu ndiwo ankasankha woti abereke: wamphamvu, wolimba mtima, wokakamira mbuye wake ndi wokayikira mlendo. Sitima zapamtunda zitalanda ntchito yoyendetsa ng'ombe m'zaka za m'ma 1800, mtunduwu unachepa kwambiri, mpaka apolisi ataupezera ntchito ina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Choncho thupi lake lolemera, nsagwada zake, ngakhale chizolowezi chake choyang'ana kumaso kwa munthu kuti amuuze chochita, zonsezi zinaumbidwa ndi zofuna za anthu. Ubweya wake wakuda bii sunapangidwire chilimwe cha ku Qatar, kumene kutentha kumafika madigiri 45 ndipo phula limaotcha mapazi. Nyama yakutchire ikamva ludzu imadziwa kolowera. Rottweiler womasulidwa m'mphepete mwa msewu mu Julayi amangokhala pamene anatsitsidwapo, kudikira galimoto imene inamusiya. Tinamulanda luso lodziimira payekha kuti atitumikire, ndipo apa ndi pamene ngongole imayambira.

Zipembedzo ziwiri zimene Amalawi ambiri timatsatira zimavomerezana pa mfundo iyi kuposa mmene timaganizira. Buku la Genesis limapatsa munthu ulamuliro pa zamoyo, koma m'mutu 9 pangano la pambuyo pa chigumula Mulungu akulichita ndi zamoyo zonse, osati ndi Nowa yekha. Lamulo la Sabata mu Deuteronomo 5 limapumitsa ng'ombe ndi bulu pamodzi ndi wantchito, Eksodo 23 amalamula munthu kuthandiza bulu wa mdani wake akagwa ndi katundu, ndipo Miyambo 12 imazindikira wolungama poona mmene amasamalira moyo wa chiweto chake. Mu Qur'an, Sura 6 imanena za nyama ndi mbalame ngati magulu a zolengedwa ofanana ndi magulu a anthu. Koma chiphunzitso chimene chimalasa nkhani ya ku Doha pamtima penipeni ndi hadisi, kutanthauza nkhani ya mawu a Mneneri wa Chisilamu, yopezeka m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, yonena za mayi amene analangidwa chifukwa cha mphaka. Sanamumenye. Anangomutsekera, osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzifunire yekha, mpaka anafa. Tchimo lake linali kugwira moyo wa cholengedwa m'manja mwake, kenako n'kuchotsapo chisamaliro. Amene amatseka nyumba, kupereka makiyi kwa mwini wake ndi kuthamangira ku bwalo la ndege la Hamad, galu ali pabwalo popanda madzi, wachita chimodzimodzi.

Pali otsutsa amene anganene kuti Qatar ndi dziko la Chisilamu, ndipo m'Chisilamu galu ndi najisi, kutanthauza wodetsedwa. Mawuwa ali ndi pogwira. Chiphunzitso cha Hanbali, chimene chimatsatiridwa kwambiri ku Qatar, ndi cha Shafi'i, chimene Asilamu ambiri a ku Malawi amatsatira, chimati chiwiya chimene galu wanyambita chitsukidwe kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Palinso hadisi yochenjeza kuti woweta galu popanda chifukwa cha ulenje, ubusa kapena ulimi amachepetseredwa mphoto tsiku ndi tsiku. Koma lamulo la ukhondo limauza munthu kasambidwe asanaswali, silimupatsa chilolezo chozunza. Mabuku omwewo a hadisi amasimba za munthu amene anatsikira m'chitsime, natunga madzi ndi nsapato yake kumwetsa galu wa ludzu, ndipo Mulungu anamukhululukira machimo. Sura 18 imakumbukira galu wa anyamata a kuphanga atagona pakhomo pawo. Chiphunzitso cha Maliki chimaona galu wamoyo kukhala wosadetsedwa, ndipo Aluya a m'chipululu akhala akusaka ndi agalu a saluki kuyambira kalekale. Tikaiyang'anitsitsa, hadisi yochenjeza ija sikugwera wodzipereka amene akudyetsa galu wanjala. Ikugwera munthu amene amagula galu wamkulu pofuna kudzionetsera, alibe naye ntchito, alibenso naye nthawi. Mu Julayi 2022, masiku a chikondwerero cha Eid al-Adha, amuna onyamula mfuti analowa pamalo a fakitale ina pafupi ndi Doha, naopseza alonda, n'kuwombera agalu 29 amene anthu ankawadyetsa pamalopo, ponena kuti galu wina analuma mwana. PAWS Rescue Qatar itaulutsa nkhaniyi, mwa amene anadzudzula mchitidwewo munali Asilamu ambiri, ndipo anaudzudzula potchula chipembedzo chawo.

Kutsutsa kolemera kwambiri n'kwina, ndipo wowerenga wa ku Ndirande kapena ku Chipata angakhale atakuganiza kale. Kuyambira mu Malichi 2021, malipiro otsikitsitsa ku Qatar ndi mariyali 1,000 pamwezi, ndipo pamwamba pake pamawonjezeredwa ndalama ya chakudya ndi malo ogona ngati bwana sapereka zimenezi. Kukweza galu wa makilogalamu 50 pa ndege kupita ku Ulaya kungadye malipiro otere a miyezi ingapo. Kodi n'chilungamo kusonkha ndalama za galu mumzinda umene amuna ochokera ku Nepal, Bangladesh, Kenya ndi Uganda amagona mothithikana kuti atumize kangachepe kwawo? Funsoli siloyenera kulipeputsa. Munthu ndi woposa galu, ndipo banja limene limagulira galu chakudya chapamwamba koma likuchedwetsa malipiro a mtsikana amene amayenda naye galuyo latsutsidwa kale ndi chikumbumtima chake. Komabe kukula kwa ngongole ina sikufafaniza ngongole yaing'ono. Amene anabwereka thumba la chimanga kwa mnansi sanganene kuti sabweza chifukwa m'mudzi muli amasiye ambiri. Chithandizo kwa amasiye ndi chifundo chimene tonse tiyenera kuchita, pamene thumba lija ndi mangawa a iye amene analitenga. Galu wowetedwa ali m'gulu la mangawa. Ndiponso mtima umene umataya galu ntchito yake ikatha ndi womwewo umene umataya wantchito akadwala: ndi chizolowezi chimodzi choona chamoyo ngati chipangizo. Katswiri wa filosofi Immanuel Kant, amene sankakhulupirira n'komwe kuti nyama zili ndi ufulu, anaphunzitsa kuti wochitira nkhanza galu wake wokalamba amaumitsa mtima umene adzaugwiritse ntchito pa anthu anzake.

Ife a ku Malawi tili ndi umboni wina wosonyeza kuti kusamala galu ndi kusamala munthu sizilimbana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Kuyambira mu 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya katemera agalu zikwizikwi mu Blantyre, chifukwa agalu 70 pa 100 alionse akalandira katemera matendawa amasiya kufala, ndipo opulumuka ake ndi ana.

Nanga amene amapita ndi galu wake ku bungwe n'kunena kuti walephera, wachimwa? Apa ndisiyana ndi okonda agalu ena amene amanyoza aliyense wopereka galu. Ntchito imatha mwadzidzidzi, banja limapasuka, mwini nyumba amakana ziweto, matenda amagwa. Choikiziridwa chimene munthu sangathenso kuchisunga amachipereka m'manja odalirika, ndipo kutero ndi kukwaniritsa udindo, osati kuuthawa. Kusiyana kwa kupereka ndi kutaya kuli pa zinthu zooneka ndi maso. Wopereka amabwera nthawi ikadalipo, osati usiku woti mawa akwera ndege. Amabweretsa khadi la katemera, amasiya ndalama ya chakudya ndi ya dokotala monga angathere, ndipo koposa zonse amanena zoona: ngati galuyo analumapo munthu, ngati amadana ndi ana kapena agalu anzake, ngati ali ndi vuto la mafupa a m'chiuno limene limavutitsa mtunduwu. Wobisa zimenezi pofuna kuti galu alandiridwe msanga amasamutsira ngozi kunyumba ya munthu wosalakwa. Ena amati kupezeka kwa mabungwewa kumalimbikitsa anthu kugula agalu mosaganiza, podziwa kuti kuli kokawatula. Muli choonadi pang'ono m'mawuwa, ndipo n'chifukwa chake mabungwe otere amafula agalu ndi kutseka aakazi kuti asaswane, amafunsa mafunso ambiri asanapereke galu, ndipo nthawi zina amakana. Koma kutseka khola sikungaphunzitse wogula mosasamala. Amene angalangike ndi galu.

Za ukali wa Rottweiler sitiyenera kunamizana. Galu wa mphamvu zotere akaleredwa moipa angathe kupha mwana, ndipo maiko samuika pa malamulo apadera popanda chifukwa. Qatar yomweyo inamuika m'gulu la mitundu yosaloledwa kulowetsedwa m'dziko, ku Ireland ayenera kuvala chophimba kukamwa ndi kukhala pa chingwe akakhala pagulu, ndipo ku France mwini wake amafunika chilolezo. Izi zikutanthauza kuti Rottweiler amene wapezeka kale m'khola la ku Doha ali ndi makomo ochepa otseguka kuposa galu wamba. Zikutanthauzanso kuti chifundo chokha sichikwanira kumutenga. Womutenga ayenera kukhala ndi mpanda, nthawi yoyenda naye m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndi khama lomuphunzitsa. Ndipo pamene akatswiri aona kuti galu wina waonongeka kotero kuti sangakhalenso pakati pa anthu popanda ngozi, kumugoneka mwa jakisoni wa dokotala wa ziweto kungakhale udindo womaliza umene munthu ali nawo kwa iye ndi kwa ana a anansi. Imfa yotere ndi yosiyana kutalitali ndi kuwombera gulu lonse la agalu chifukwa cha mlandu wa mmodzi, pakuti imabwera pambuyo poyeza, ndipo siizunza.

Ndiye kodi mlendo wa kontrakiti ya zaka ziwiri asayandikire galu n'komwe? Ayi, koma alonjeze zimene angathe kukwaniritsa. Amene akutenga galu kuti akhale wake ayenera kuyamba kukonzekera ulendo wa galuyo tsiku lomwe wamutenga: kachipangizo ka nambala koikidwa pansi pa khungu, katemera wa chiwewe wosadumphitsa, kuyezetsa magazi kumene maiko ena amafuna pamodzi ndi kudikira miyezi itatu, bokosi lolimba lovomerezeka pa ndege, ndi ndalama yoikidwa padera. Amene sangathe zimenezi ali ndi malonjezo ang'onoang'ono oyenera msinkhu wake, ndipo mabungwe a ku Doha amadalira kwambiri anthu otere: kusunga galu kunyumba kwa masabata angapo pamene akumufunira mbuye, kupita kukayenda ndi agalu kumapeto kwa sabata, kulipira thumba la chakudya, kapena kulola kuti galu alembedwe pa tikiti yako pamene ukupita ku Ulaya kapena ku America, kumene banja lomulandira likumudikirira. Nkhaniyi ikutikhudzanso kwathu. Pa zipata zambiri za ku Area 47 ndi ku Namiwawa palembedwa kuti chenjerani ndi agalu, ndipo kuseri kwa zipatazo kuli agalu akuluakulu omangidwa pa unyolo usana wonse, ogulidwa ngati alonda osalipidwa, amene mwini nyumba akasamuka amangosiyidwa m'manja mwa mlonda wopanda ndalama yowadyetsera. Tiana ta agalu timagulitsidwabe m'mphepete mwa misewu ya Lilongwe dzuwa likuswa mtengo, ndipo bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene linayamba mu 2008, limalandira agalu amene anathera m'mavuto ofanana ndi a anzawo a ku Doha.