Kubwerera Kumudzi: Kodi Ndi Kulephera?

*Mawu a sabata ino*
Werengani: Genesis 31:1-18 ndi Rute 1



Pali funso limene likufika kawirikawiri ku ofesi ya a Bishopu. Munthu wagwira nchito ku Lusaka kapena ku Kitwe zaka zambiri, manje mtima ukumuuza kuti abwerere kuno ku Chipata, ku Chadiza kapena ku Vubwi. Kodi ndi Mzimu Woyera, kapena ndi kutopa chabe? Pansi pa funsoli pabisala lina: nanga anthu adzati chiyani?

Tiyambe ndi lobisikalo. Abale athu ena akukhala m'kachipinda kamodzi ku Kanyama kapena ku Chawama, lendi ikudya malipiro onse, koma sangakwere basi pa Intercity. Akuopa mawu awiri: ati "walephera tauni." Imvani, manyazi si mneneri. Musalole kuti akusankhireni kokhala.

Yakobo anabwerera kwawo ndi ziweto zambiri atatumikira Labani zaka 20. Naomi anabwerera ku Betelehemu chimanjamanja, atasiya manda atatu ku Moabu. Onse awiri Mulungu anali nawo pa ulendo. Choncho kulemera kwa chikwama si muyeso. Chofunika ndi chifukwa chimene mukubwerera, ndi chimene manja anu adziwa kuchita.

Apa ndipo ndimafunsa anthu kuti: pa Chiweru, pamene palibe bwana wokulondani, mumakonda kuchita chiyani? Wina amalima rape kuseri kwa nyumba, wina amaweta nkhuku, wina amasoka, wina amakonza njinga za ana a aneba. Timaziyesa zotayitsa nthawi. Koma udindo wanu wa ku ofesi udzatsala ku Lusaka, pamene luso lanu lidzakwera nanu basi ndi kuwoloka nanu mlatho wa Luangwa. Davide anaphunzira kuponya mwala ali ku ubusa, popanda womuombera m'manja. Dorika amasiye anamulira akuonetsa zovala zimene anasoka. Ine ndemwe, kadimba kanga ka tomato kandiphunzitsa kudikira kuposa mabuku ena a ku koleji.

Koma tisanamizane, walira mvula walira matope. Kumudzi si Edeni. Tonse tikukumbuka chilala cha 2024, momwe chimanga chinaumira m'minda chisanabereke. Ndalama ya 20 peresenti imene NAPSA inayamba kupereka mu 2023 imaoneka yambiri pa foni, koma malata, simenti ndi feteleza zimaimeza msanga. Munda wa makolo mwina akulima ena. Ndipo amayi amene mumawatumizira kangachepe pa Airtel Money mwezi uliwonse, adzadya chiyani mpaka mutakolola? Kusamuka osaganizira amene akudalira thukuta lanu si chikhulupiriro ayi.

Musanamange katundu, dzifunseni izi:

1. Kodi ndikupita ku chinthu, kapena ndikuthawa chinthu? Nkhongole ndi mkangano sizitsala pa siteshoni, zimakwera nanu.
2. Kodi a kunyumba ndakhala nawo pansi? Yakobo, ngakhale anamva mawu a Mulungu, anaitana Rakele ndi Leya kubusa nakambirana nawo. Ngati mwana ali ndi mayeso chaka chino, dikirani alembe.
3. Kodi ndayesako? Tengani tchuthi, onanani ndi anyakwawa za malo, limani nshawa kapena soya nyengo imodzi, muone mitengo pa Kapata Market ndi maso anu.

Ena mukayankha mudzapeza kuti nthawi yanu ya mu tauni ikalipo. Khalani, gwirani nchito mokhulupirika, palibe tchimo. Ena mudzapeza kuti nthawi yakwana. Bwerani mutaweramutsa mutu, kwanu nkwanu.

Ndipo ife a mpingo kuno, wobwerera tisamuyang'ane m'chikwama. Timupatse mpando, timuonetse kogula mbewu, timulowetse m'gulu la mapemphero la m'dera lake.

*Pemphero:* Atate, chotsani manyazi ndi mantha pa zosankha zathu. Dalitsani nchito ya manja athu, tikhale kutali kapena kwathu. Tsegulani njira kwa aliyense amene ali pa mphambano sabata ino. M'dzina lamphamvu la Yesu, Ameni.

Tumizirani m'bale amene ali kutali, mwina mawu awa ndi ake.