Musagwetse Kanyumba ka Mwana

Tiwerenge: Zekariya 8:1-8 ndi Miyambo 14:1



Tsiku lina kuno ku Pembamoyo ndinapeza mdzukulu wanga kuseri kwa nkhokwe akuumba tinjerwa ndi kabokosi ka machesi. Zovala zinali matope okhaokha. Ndinamukalipira, ndi kusesa zonse anamangazo. Mwanayo anangoti, "Agogo, ndinatsala pang'ono kufolera." Usiku umenewo mtima unanditsutsa.

Mneneri Zekariya pofotokoza za Yerusalemu wokonzedwanso ndi Mulungu, anatchula anyamata ndi atsikana odzaza m'misewu akusewera. Ichi chinali chizindikiro cha mtendere ndi dalitso. Nanga ife tikuyeseranji masewera ngati kutaya nthawi?

Ndaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri, ndipo ndaona ana akuvutika ndi masamu a miyeso ndi maonekedwe a zinthu, ngakhale malamulo ake analoweza. Mwana womanga ndi tinjerwa amayamba masamu amenewa ndi manja. Amawerenga tinjerwa tofunika pa khoma. Amadzionera yekha kuti akasanja njerwa mongolunjika khoma limagwa, koma akaluka mizere limalimba. Likagwa amayambanso, ndipo kumeneko ndiko kupirira. Zala zimazolowera, mawa zidzagwira bwino pensulo. Akamanga ndi anzake amaphunzira kugawana ndi kumverana.

Nzeru imeneyi si yalero. Friedrich Froebel, mwana wa m'busa wa ku Germany, amene anapatsa sukulu yamkaka dzina loti kindergarten mu 1840, ankaphunzitsa ana ndi tizidutswa ta matabwa. Kampani ya Lego inayambitsidwa ndi kalipentala Ole Kirk Christiansen ku Billund, Denmark, mu 1932.

Amayi, sitifunika kupita ku Chipata kukagula zodula. Dothi tili nalo, zitsononkho zilipo, akalipentala amataya tizidutswa. Tiwapatse malo ana onse, atsikana omwe, chifukwa nthawi zambiri iwo ndiwo timawadzutsa kukatunga madzi anyamata akusewerabe. Tisamale kokha kuti makanda asameze tizinthu ting'onoting'ono.

Miyambo imasiyanitsa mkazi womanga nyumba ndi woipasula yekha. Ine tsiku lija ndinapasula. M'mawa mwake ndinapepesa kwa mwana, ndipo tinaumba limodzi. Kanyumbako tinakafolera ndi udzu.

Tipemphere: Ambuye, tikhululukireni pamene takhumudwitsa ana anu. Tipatseni kuleza mtima, kuti timange miyoyo yawo pa thanthwe, ndiye Khristu. Amen.