Kodi Misozi ya Wodwala Ndiyo Kuchepa kwa Chikhulupiriro?

Mbale akatulutsidwa m'chipatala cha Mwanza kuti adzatsirize masiku ake kuno ku Thambani, timafulumira kunena kuti, "Limbani mtima, musalire." Kodi potero titonthoza iyeyo, kapena tithawa mantha athu?

Mu 1969 dokotala Elisabeth Kübler-Ross, atamvetsera odwala oyandikira imfa, analemba kuti ambiri amakana, amakwiya, amachonderera, amasweka mtima, ndipo ena pomaliza amavomereza. Wotereyu alirira zonse zimene adzasiya: ana, munda, ndi mpingo. Hezekiya analira kwambiri, koma Mulungu sanamdzudzule (Yesaya 38:1-5). Abwenzi a Yobu anachita bwino pokhala naye chete masiku 7. Analakwa atatsegula pakamwa.

Lingalirani: Ndani amene tingakhale naye pamphasa Sabata lino, kumumvetsera osamlalikira?