Dzina lolembedwa ngozi isanagwe

Kuno ku Bulangililo mapepala a boma timawadziwira pamzere wa NRC ndi wa layisensi kukhonsolo ya Kitwe. Tikamva kuti palinso fomu yolembetsera kachipangizo ka kumchira kwa ndege, timati izo n'za eni ndalama. Komatu fomuyo ikukhudza chilonda cha dera lathu lomwe lino.

Usiku wa pa 17 kuchera pa 18 September 1961, ndege ya DC-6 yonyamula Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inagwa m'tchire makilomita pafupifupi 15 kuchokera pabwalo la Ndola. Aboma la atsamunda anakafika pamalopo patatha maola pafupifupi 15. Mwa anthu 16, Harold Julien yekha ndiye anapezeka akupuma, atapsa kwambiri, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Ootcha makala ndi anthu ena a ku Twapia anaona moto usikuwo, koma ofufuza a nthawiyo anapeputsa umboni wawo. Chimandipweteka n'chakuti munthu anagona m'tchire akumva ululu, tauni ili pafupi chonchi.

Lero ndege zimanyamula kachipangizo ka kumchira kaja, kotchedwa ELT. Ndege ikamenyetseka pansi, kachipangizoka kamadziyatsa kokha n'kutumiza chizindikiro pa 406 MHz kumasetilaiti a Cospas-Sarsat, dongosolo limene Canada, France, America ndi Soviet Union anakhazikitsa, ndipo linapulumutsa anthu koyamba mu 1982. Chizindikirocho chimanyamula nambala ya zilembo 15, youlula dziko limene kachipangizoko kanalembetsedwa. Koma mwini ndege, maonekedwe ake, ndi foni ya munthu woti adzutsidwe pakati pa usiku, zimenezi zimapezeka msanga ngati wina anakhala pansi n'kudzaza fomu. Kwathu kuno woyang'anira ndege zolembedwa 9J ndi Zambia Civil Aviation Authority.

Zizindikiro zambiri zimalira popanda ngozi: ndege yatera mwamphamvu, kapena makaniko wakhudza switchi. Nambala ya foni ikakhala yolondola, kuimba kamodzi kumasiyanitsa phuma ndi ngozi yeniyeni. Ikakhala ya munthu amene anagulitsa ndegeyo kalekale, opulumutsa amayamba kufunsana, dzuwa likupendeka.

Abale athu a ku Malawi anadutsamo m'zimenezi. Pa 10 June 2024 ndege ya Dornier 228 yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 inagwa ku Chikangawa, ndipo inapezeka mawa lake. Ofufuza a ku Germany anapeza kuti batire la ELT linatha nthawi yake mu 2004. Kachipangizoko kanalinso ka mtundu wakale wa 121.5 MHz, umene masetilaiti analeka kuumvera pa 1 February 2009. Sindikunena kuti batire likanabweza moyo wa aliyense. Ndikunena za mabanja amene anachezera usiku wonse osadziwa koloza.

Apa ndiye pamene ndimaonera ulemu wa ntchito ya kalaliki ndi injiniya woyendera ndege. Amayang'ana deti pabatire, amafananitsa nambala, amabweza fomu yolakwika, mwini ndege akung'ung'udza. Palibe amawathokoza, chifukwa ntchito yawo ikayenda bwino sioneka. Zili ngati kusonkha ndalama kukagulu ka maliro uli bwinobwino: umakonzera anthu amene tsiku lina adzakhale akulira, opanda mphamvu zoganiza. Wodzaza fomu akuvomereza kuti akhoza kugwa, ndipo akupempha anthu osawadziwa kuti akadzamva kulirako adzakhulupirire.

Inu eni ndege zing'onozing'ono ndi oziyendetsa, pabwalo la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola ndi la Southdowns ku Kalulushi, kaonenitu deti la batire sabata ino. Ngati ndege yasintha mwini kapena foni yasintha, kakonzeni kaundula musananyamuke ulendo wina.