Kodi mwala ungatchule amene anausema?

Nsonga ya muvi kapena ya mkondo yosemedwa pa mwala imadziwika ndi zipsera zake. Mlimi wa ku Namitete kapena ku Nsaru akamapalira amatembenuza tizidutswa tambiri ta nsangalabwi, ndipo tambiri mwa ito tinangosweka ndi khasu, moto kapena madzi. Kamene kanapita m'manja mwa munthu kamakhala ndi kachotupa pafupi ndi pamene anamenyapo, ndipo m'mphepete mwake mumaoneka timabala tondondozana, totsata mbali imodzi. Mtsinje umagumula mwala paliponse. Munthu amaugumula mobwerezabwereza pamalo amene wasankha.

Akatswiri ofukula zakale amasiyanitsa mitundu iwiri ikuluikulu. Nsonga zakale kwambiri ndi zokulirapo, zangodya zitatu kapena zonga tsamba, zoyenera mkondo. Zapambuyo pake ndi tating'ono ngati chikhadabo, tooneka ngati mwezi wongotuluka kumene: mbali imodzi yakuthwa, ina yobunthitsidwa dala kuti imatidwe kumtengo ndi utomoni. Ku phanga la Kalemba, kum'mawa kwa Zambia, David Phillipson anapeza zida zamwala zosanjikizana m'dothi kuyambira zaka zoposa 30,000 zapitazo, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. J. Desmond Clark anafukula tizida tating'ono totere ku Chencherere, m'boma la Dedza, mu 1972.

Apa ndi pamene funso lenileni limayambira. Kudziwa mtundu wa nsonga ndi kudziwa kapangidwe ndi nthawi yake, osati mwini wake. Dzina loti Nachikufu, limene akatswiri amatchulira gulu lina la zidazi, ndi la phanga la ku Zambia. Osemawo sanadzitchule choncho. Mbiri yapakamwa ya Achewa ili ndi mayina akeake, Akafula kapena Amwandionerapati, anthu amene makolo anawapeza kale m'dziko muno. Koma nawonso ndi mayina ochokera kwa obwera.

Kuwerenga zizindikiro pa mwala si kwachilendo kuno. Ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, chikhulupiriro cha makolo chimati Chauta anatsitsa anthu oyamba ndi nyama thanthwe lidakali lofewa, mapazi awo n'kudindika. Wokhulupirira ndi wofukula onse amaona bala pa mwala n'kunena kuti apa panali wina. Amasiyana poti wofukula angathe kutenga mwala wina, kuumenya yekha, n'kuyesa ngati balalo lituluka chimodzimodzi.

Chovuta kwambiri ndi ubale. Kafukufuku wa mafupa a alenje akale a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, wofalitsidwa mu 2017, anasonyeza kuti magazi a alenje akalewo sakuoneka mwa Amalawi a lero amene anayezedwa. Ngati kholo ndi la magazi okha, wosema nsonga uja alibe womuthirira nsembe. Komabe mwambo wa Achewa umalemekezanso eni nthaka, amene anayamba kukhala pamalo, ndipo pa muyeso umenewo iye ndi wamkulu kuposa mudzi uliwonse wa ku Kabudula kapena ku Nambuma.