Kodi Zam'lamya ndi za Yani?

Makolo athu anali kudziwa bwino mwambo wa kusunga zinthu za eni. Munthu popita ku ulendo wautali, kaya ku migodi ya ku Kitwe kapena ya ku Johannesburg, anali kusungiza mbuzi zace kwa mnansi, ndipo mnansiyo anali kuziyang'anira koposa zace zomwe. Mbuzi yace ikajiwa ndi fisi, anthu anali kungoti ndi tsoka. Koma ikajiwa ya mwini cifukwa ca khola losatseka, umenewo unali mlandu wa pabwalo. Motero aliyense anakula alikudziwa kuti kusamala kuli pawiri: kusamala cako ndiko nzeru, koma kusamala ca mnzako ndiko umunthu.

Masiku ano mnyamata kapena mtsikana akatsiriza sukulu, cinthu coyamba cimene mtima wace ukhumba ndico lamya ya m'manja, imene ambiri aicha foni. Akaigula ati, "Iyi ndi yanga," ndipo sanama, pakuti ndalama anaturutsa ndiye. Koma tiyeni tisuzumire m'kati mwace. Muli maina ndi manambala a abale ndi abwenzi. Muli zithunzi za ana a mlongo wace. Muli uthenga wa mnzace amene anamuuza za matenda ace, nati asauze munthu. Mulinso ndalama za Airtel Money kapena MTN zimene mai wace anamsungiza kuti agule feteleza. Kodi zonsezi ndi zace? Iai ndithu. Uthenga uliwonse uli ndi eni awiri, wolemba ndi wolandira, ndipo cithunzi ciri ndi wojambula ndi wojambulidwa. Lamya ndi ya woigula, koma zam'kati mwace zambiri ndi mbuzi za eni.

Alipo ena amene ati, "Ine ndiribe kanthu kobisa, wofuna kuona aone." Mau amenewa amveka ngati a munthu woona mtima, koma tikawayesa tiwapeza opepuka. Munthu atseka citseko usiku, si cifukwa cakuti m'nyumba mucitika zoipa, koma cifukwa mugona ana ace. Ndiponso munthu angathe kugawira anthu cinsinsi cace monga afuna, koma ca mnzace alibe naco ufulu umenewo. Wonena kuti alibe cobisa walankhulira iye yekha, osafunsa anthu mazana awiri amene maina ao ali m'thumba mwace.

Nkhani ina imene inamveka pa dziko lonse m'caka ca 2018 itiphunzitsa zimenezi. Pa Facebook panali kapulogalamu ka mafunso oyesa khalidwe la munthu, ndipo anthu pafupifupi 270,000 anabvomera kukagwiritsa nchito. Koma kapulogalamuko sikanatenge mbiri ya oyankha okha. Kanatenganso mbiri ya abwenzi ao amene sanafunsidwe kanthu, ndipo zonsezo zinafika m'manja mwa kampani ya Cambridge Analytica, imene inali kugwira nchito za ndale. Eni ace a Facebook anabvomera kuti anthu okhudzidwa angafike 87 miliyoni, ndiko kuti oposa kanai anthu onse a m'Zambia, amene pa kalembera wa 2022 anapezeka 19.6 miliyoni. M'caka ca 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni. Taonani tsono: munthu mmodzi anakanikiza cala cace pa mau akuti "ndabvomera," napereka anzace mazana. Akulu anati khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

Kwathu kuno akuba atsata njira yomweyo, yakulowera kwa mmodzi kuti afike kwa ambiri. Wakuba akafuna kulanda WhatsApp ya munthu, alemba nambala ya munthuyo m'lamya yace. Pamenepo kampani itumiza manambala 6 kwa mwini weniweni. Tsono wakubayo aimba ndi mau aulemu, nati manambalawo afika kwa inu molakwa, muwachule. Mukawachula, dzina lanu lakhala cobvala cace. Ayamba kulembera abale anu onse kuti mwagwa m'bvuto, atumize ndalama msanga. Ndipo iwo atumiza, cifukwa akukondani. Wobedwa kwenikweni ndiye agogo anu ndi mnzanu wa ku calici, ndipo cimene cawatayitsa ndico cikhulupiriro cao pa inu.

Palinso mapulogalamu ena okongoza ndalama amene apempha cilolezo ca kuona maina onse a m'lamya. Wokongola akacedwa kubweza, eni ngongole ayamba kubvuta abale ace ndi akulu a ku nchito kwace, anthu amene sanadyeko ngakhale ngwee imodzi. Coipa cimeneci cinacuruka m'maiko ambiri kotero kuti m'caka ca 2023 kampani ya Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a m'sitolo yace kuona maina ndi zithunzi za m'lamya za anthu.

Pano tiyenera kucenjera kuti tisaweruze mokhota. Mwini mlandu ndiye wakuba, ndipo wobedwa sayenera kusekedwa, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ndiponso ziripo mbala zamphamvu zimene munthu wamba sangalimbane nazo. M'caka ca 2019 eni a WhatsApp ananena kuti malamya a anthu pafupifupi 1,400 analowedwa ndi pulogalamu ya ukazitape yochedwa Pegasus, yopangidwa ndi kampani ya NSO Group ya ku Israel, ndipo inali kulowa mwa kungoimbira lamya, ngakhale mwini asayankhe. Zotere ndi za maboma ndi makhoti. Kuno ku Zambia lamulo loteteza mbiri ya anthu, la Data Protection Act, linakhazikitsidwa m'caka ca 2021, ndipo bungwe la ZICTA liyang'anira makampani a lamya. Koma mlandu wa mbuzi uja sunali kufunsa ngati wosunga anali ndi mphamvu zopha mkango. Unali kufunsa ngati anatseka khola. Munthu afunsidwa pa zimene akanakhoza kucita, ndipo lamulo silidzabwera usiku kudzatitsekera citseko.

Nanga kutseka khola ndiko kutani? Coyamba, lamya ikhale yokhoma ndi nambala yacinsinsi. Nambala ya manambala 4 ingasanjidwe m'njira 10,000, koma ya manambala 6 m'njira 1,000,000. Ndipo isakhale 1234 kapena caka cimene munabadwa, pakuti wakuba ayamba kuyesa zimenezo. Nambala yokhomera lamya isiyane ndi ya ndalama, kuti kiyi mmodzi asatsegule nyumba ndi nkhokwe pamodzi.

Caciwiri, nambala yacinsinsi ya ndalama, ndi manambala aja obwera mwa uthenga, sizichulidwa kwa munthu aliyense, ngakhale adziche wa ku banki kapena wa ku kampani ya lamya. Wa nchito woona safunsa zimenezo. Mu WhatsApp mulinso malo oikapo loko waciwiri, nambala imene mudziwa inu nokha. Muikeni lero, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Cacitatu, opani liwiro. Uthenga wakuti mwapata mphotho pa mpikisano umene simunalowe, kapena wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi," ufuna kuti mucite musanaganize. Imbirani mwini pa nambala yace imene muidziwa, mumve liu lace. Safunsa anadya phula.

Cacinai, pulogalamu iriyonse itengedwe m'sitolo yodziwika, monga Play Store kapena App Store, ndipo ikapempha cilolezo mudzifunse ngati cilolezoco ciyenerana ndi nchito yace. Pulogalamu ya toci ifuna ciani ndi maina a abale anu? Lamya ikanena kuti pafika zokonzedwa zatsopano, musakane cifukwa ca kuumira bandulo, pakuti zimenezo ndizo zimata ming'alu imene akuba aipeza.

Cacisanu, konzekerani tsiku lotaya. Mukakanikiza *#06# lamya ionetsa nambala yace ya IMEI, ya manambala 15. Ilembeni m'buku, kuti ikabedwa mukaipereke ku polisi, ndipo tsiku lomwelo mukatseketse simu. Pogulitsa lamya kapena popatsa mng'ono wanu, yambani mwafafaniza zonse, ibwerere monga inacokera ku fakitale.

Patsala funso limodzi lobvuta, ndilo la m'nyumba. Bwenzi kapena mbale angati, "Ngati undikhulupirira, ndiuze nambala yako." Yankho labwino ndi ili: "Zanga ndingakuuze zonse, koma muno muli za eni." Wosunga mbuzi za mnansi sakana mbale wace cifukwa ca udani, koma cifukwa mbuzizo si zace. Momwemonso ife tisatsegule lamya ya wina iye atapita kukasamba, ndipo tisatumize kwa gulu uthenga kapena cithunzi cimene munthu anatumiza kwa ife tokha. Nthawi zambiri cinsinsi sicibedwa ndi mbala yocenjera ya kutsidya kwa nyanja. Cituruka ndi cala ca bwenzi lofuna kuseketsa anzace. Ndipo mau a pakamwa aiwalika, koma cithunzi cikalowa pa intaneti sicibwerera, ngakhale wocitumiza alire motani.

Inu amene mwatsiriza sukulu, m'mabanja ambiri ndinu amene mudziwa kuwerenga mauthenga a Cingerezi, ndipo akulu akupatsani malamya ao kuti muwathandize kutapa ndalama. Pamenepo mwasungizidwa kawiri. Aphunzitseni mofatsa, osawanyoza, ndipo nambala yao imene mwaiona muiiwale ngati simunaione. Kale munthu wokhulupirika anali kudziwika pa tsiku limene wa paulendo anabwera napeza mbuzi zace zonse, zina zitaswa. Masiku ano adziwika ndi ici, kuti anzace angamuuze za kukhosi popanda mantha, podziwa kuti khola lace ndi lotseka.