Maloto Amene Madzi Sangakokolole

Mwezi wa Marichi chaka cha 2023, namondwe Freddy atangodutsa, ndinakayendera akhristu a ku Marka, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique. Titatha Misa, mnyamata wina wa zaka ngati 20 anandikokera pambali. Anati kwa zaka ziwiri anakhala akusunga ndalama za thonje, nagula mbuzi zinayi, naumba njerwa, poganiza zomanga nyumba kenaka n'kukwatira. Usiku umodzi wokha madzi anatenga mbuzi, njerwa zinasungunuka, munda unakwiririka mumchenga. Tsono anandifunsa kuti: "Abambo, kodi munthu wa kuno ali ndi chifukwa cholingalira za mawa? Kapena tizingodya za lero, popeza mawa ndi la madzi?"

Tsiku limenelo sindinamyankhe zogwira mtima. Funso lake landitsata kufikira lero, ndipo ndifuna kuti tiliganizire limodzi, inu makolo ndi ana anu.

Tisathamangire kumdzudzula mnyamatayo, pakuti mbiri ya dera lake ili kumbali yake. Njanji inadutsa pa Marka m'chaka cha 1915, ndipo mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi utatha mu 1935, anthu anayesa kuti sitima ya ku Beira idzayenda mpaka kalekale. Nkhondo ya ku Mozambique inaimitsa sitimayo m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1997 madzi anadula njanji ku Chiromo. Mu Okutobala 2010 doko la ku Nsanje linatsegulidwa ndi chikondwerero chachikulu, koma zombo zimene tinkadikira sizinayambe kuyenda. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe Idai mu 2019 ndi Ana mu 2022, onsewa anasiya misozi m'chigwa cha Shire. Ngati maloto a maboma amagwa chotere, nanga a mlimi wa mbuzi zinayi adzaima bwanji?

Pa funso limeneli pali mayankho awiri amene amatisokeretsa. Loyamba ndi la munthu wotaya mtima amene amabisala m'mawu achipembedzo. Amati zonse ndi Mulungu, napinda manja. Koma Ambuye Yezu sanamyamikire wantchito uja amene anakwirira ndalama ya mbuye wake chifukwa cha mantha, ndipo anatiphunzitsa kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera zofunika. Ulesi suyera chifukwa chakuti tautchula chikhulupiriro. Yankho lachiwiri ndi la munthu amene amayesa kuti moyo uli m'manja mwake, monga wachuma wa m'fanizo lija amene anakulitsa nkhokwe zake osadziwa kuti usiku womwewo adzaitanidwa. Woyamba salota konse. Wachiwiri amalota ngati Mulungu kulibe.

Makolo a m'chigwa muno, Amang'anja ndi Asena, anapeza njira ina kalekale. Banja lanzeru linkakhala ndi minda iwiri: wa kumtunda wodalira mvula, wa mapira, mchewere ndi thonje, ndiponso dimba la m'mbali mwa Shire. Chilala chikapsereza kumtunda, dimba linkawapulumutsa. Madzi akasefukira, ankadikira kuti aphwe, nabzala chimanga, mbatata ndi nyemba pa dothi lachonde limene madzi omwewo asiya. Ankadziwa kuti chakudza sichiimba ng'oma, komabe sanaleke kusunga mbewu. Sanakhulupirire mtsinje, ndiponso sanauthawe.

Moyo wa munthu nawonso ufunika minda iwiri. Munda woyamba ndi wa zinthu zimene ndifuna kukhala nazo: nyumba ya malata, ng'ombe, njinga, kagolosale. Zimenezi n'zabwino, ndipo mkhristu asachite nazo manyazi. Azikonze mwanzeru: nyumba aimange pamtunda, njerwa aziotche, chuma chake asachiike pamalo amodzi. Koma adziwe kuti munda umenewu uli m'mbali mwa mtsinje. Munda wachiwiri ndi wa munthu amene ndifuna kukhala: mwamuna wokhulupirika kwa mkazi wake, mayi amene ana ake adzadziwa kuwerenga ndi kupemphera, mmisiri amene sanama pa mtengo, mnansi amene bwato lake limabwereranso kukatenga otsala. Munda uwu madzi saufika.

Tinaziona zimenezi pa abale athu a ku Mozambique amene anathawira m'boma la Nsanje nthawi ya nkhondo. Anafika opanda kanthu m'manja, koma wodziwa ukalipentala anafika nawo ukalipentala wake, mphunzitsi anafika ndi nzeru zake, katekisiti anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kwawo ndi chuma chomwecho, nakayambira pamenepo.

Choopsa chachikulu chimadza pamene munda woyamba wakokoloka, ife n'kuyamba kugulitsa wachiwiri kuti tibwezeretse zotayikazo. Bambo amene amachotsa mwana wake wamkazi pasukulu n'kumkwatitsa kuti alandire lobola m'chaka cha njala, wadya mbewu. Mnyamata amene amalowa m'katangale wa pamalire kuti apeze malata msanga, wagula denga ndi dzina lake. Madzi anangomulanda katundu. Chotsalacho wadzilanda yekha.

Choncho, inu a m'mabanja, khalani pansi madzulo ena mufunsane mafunso awiri. Kodi tikufuna kukhala ndi chiyani pofika zaka zisanu? Nanga tikufuna kuti adzatikumbukire ngati anthu otani? Yankho la funso loyamba lilembeni ndi pensulo, pakuti lidzasintha. Lachiwiri lisungeni mumtima, ndipo likhale loweruza loyambalo.

Ndikadzakumananso ndi mnyamata uja ndidzamuuza kuti: "Mphwanga, lota ndithu. Umbanso njerwa, ndipo ulendo uno uziotche. Mbuzi zako zinapita ndi Shire, koma munthu amene anatha kudzimana zaka ziwiri chifukwa cha banja limene sanaliyambe n'komwe, ameneyo madzi sanamtenge. Mulungu amangira pa iyeyo."